Dothi la Kutsidya Patsinde pa Mbendera

Ndaphunzitsa Sosho mpaka choko chandidya zala. Mukandiona pamsika wa Thambani ndikukoka mwendo, musamati ndi ukalamba wokha. Ndi zaka zoimirira kutsogolo kwa bolodi, kunena mawu omwewomwewo kwa ana osiyanasiyana, ndipo chakumapetoku ndinkawanena kwa ana a ana amene ndinawauza kale. Nthambi za boma. Ufulu wa mwana. Udindo wa nzika. Mutandidzutsa kutulo ndikhoza kukuyalirani zonse osaphonya. Ndikafunsa ngati amva, ana ankandiyankha onse pamodzi, ndi kamawu kokoka kaja kamene mwana wasukulu aliyense amakadziwa: "Eeeya, madamu." Ankakalemba pamayeso, ena ankakhoza ndithu, kenako ankazisiya pakhomo la kalasi n'kumapita kwawo opepukidwa. Ndinatopa nazo kalekale, ndisaname.

Sukulu yathu ili m'mapiri, ndipo malire a dziko ali pafupi moti belu lathu limamveka ku Mozambiki. Belulo ndi limu la galimoto lopachikidwa pamtengo wa mango. Musaganize za malire a ku boma kuja, a mathiraki ndi osintha ndalama ndi anthu a mayunifolomu. Kwathu kuno malire ndi kamtsinje kamene m'chilimwe mbuzi imawoloka osanyowa mimba. Timangoti kutsidya. Anthu amalima kutsidya n'kudzagayitsa kuno, amakwatirana, amalirana maliro. Pamapu amene ndinkawajambulitsa ana chaka ndi chaka, malirewo ndi mzere wa timadontho. Pansi pano ndi pamene amayi awo amachapira zovala.

Sosho ya makalasi akuluakulu imabwera m'Chingelezi, ndipo ana athu Chingelezi amachimvera patali. Ndiye ntchito yanga inali iwiri: kuwerenga za m'buku, kenako kuzitafuna m'Chichewa kuti zimezeke. Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi sitandade 8 yodzaza mpaka pakhomo, ambiri atakhala pansi, buku limodzi ataliunjikira mitu ngati akuona chilonda cha mnzawo. Tinafika pamutu wa unzika m'nyengo yotentha, malata akulira pamwamba, ine thukuta lili m'khosi.

Ndinalemba pabolodi mawu a Chingelezi aja akuti sitizeni, n'kufunsa kuti pa Chichewa timati chiyani. Dzanja loyamba kukwera linali la mtsikana amene ankakhala pafupi ndi khomo. Linali loyamba nthawi zonse. Anali mwana wa bambo wina wamakala, mwana wamtali, wosalankhulalankhula, koma mutu wake unali wakuthwa moti ndinkati ndikamufunsa funso ndizikonzekeratu lina. Anati, "Nzika, madamu."

"Wakhoza. Nanga nzika ndi munthu wotani?"

Kenako kumbuyo kunakwera dzanja la mnyamata wina wobwereza kalasi, wamkulu kale, wa ndevu zoyamba kumera, amene ankayankha kawirikawiri pofuna kuseketsa anzake. Anati, "Ndi wozikidwa, madamu."

"Wozikidwa? Wasanduka nsichi ya khola munthuyo?"

Ana anaseka. Iye sanaseke. Anati, "Iyayi, madamu. Mchombo wake. Nzika ndi amene mchombo wake unazikidwa m'dziko muno."

Apa ndifotokoze, pakuti ena mwabadwira kuchipatala cha m'tauni. Kuno mwana akabadwa, kamchombo kaja kakauma n'kugwa, sitikataya. Amayi aakulu amakakwirira penapake kuseri kwa nyumba, mwakachetechete, amuna ndi ana osaona, kuopa anthu a mitima yoipa. Ndiye timati kwanu ndi kumene kuli mchombo wako. Mnyamata uja anangomva kuti nzika, n'kukumbuka kuzika, basi n'kulumikiza. Kunena zoona, anakhotetsa bwino. Ndinaona mitu ya ana ikugwedezeka, mtundu wa kugwedezeka umene sindinauonepo pa nthambi za boma.

Ndinati, "Zakumudzi zimenezo, sizibwera pamayeso." Ndinatenga choko n'kulemba pakona ya bolodi njira za m'buku: kubadwira m'dziko, kutsata makolo, kukwatirana ndi nzika n'kukalembetsa, kukhalitsa m'dziko n'kupempha boma. Pa kutsata makolo ndinadula mzere kunsi. Ndinati, bambo ako kapena mayi ako akakhala Mmalawi, iwenso ndiwe Mmalawi, ngakhale utabadwira ku Joni. Ndinazungulitsa bokosi, n'kulemba kuti musafufute. "Mwamva?"

"Eeeya, madamu."

Tsopano za mtsikana uja. Bambo ake ndi a konkuno, munthu wofatsa amene ankakankha njinga ya makala kuchokera kumapiri kukafika ku boma, matumba atasanjikizana mpaka kubisa mutu wake, mathiraki akumupitirira pafupi. Mayi ake anali a kutsidya. Mwambo wathu ndi woti mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, koma bamboyu anapempha chitengwa, kutenga mkazi kudzakhala naye kwawo kwa mwamuna, ndipo anamulola. Mimba yoyamba itakula, mayiyo anawoloka kukachirira kwa amayi ake monga amachitira aliyense, n'kubwerera ndi khanda kumbuyo. Nkhaniyi m'mudzi monse ankaidziwa. Panalibe amene ankaiona ngati nkhani.

Chimene chinaiyambitsa ndi chisankho. Ahedi athu anabwera kuchokera kumsonkhano wina ali ndi nzeru yatsopano, yoti mtsogoleri wa atsikana ndi wa anyamata asamasankhidwe ndi aphunzitsi, ana azivota okha kuti aphunzire demokalase ndi manja awo. Nzeru za kumisonkhano zimatera pamutu pa mphunzitsi wa Sosho, ndiye zinandigwera ine. Mapepala tinalibe. Ndinapeza zitini, ndinapachika chitenje changa chakale pakona kuti munthu azivota mobisika, ndipo mwana aliyense ndinamupatsa njere ya chimanga yoti akaponye m'chitini cha amene wamufuna. Kunena zoona tsiku limenelo ndinali ndi kachimwemwe. Ndinkati mwina lero Sosho ituluka m'buku.

Kumbali ya atsikana aliyense ankadziwa kuti apambana ndi mwana wa wamakala. Ndiye ankathandiza anzake masamu pansi pa mango, ndiye ankaletsa ndewu pamjigo. Anaima kutsogolo ndi anzake opikisana nawo, manja kumbuyo. Tisanayambe, dzanja la mnyamata wandevu uja linakwera.

"Madamu, paja munati woimira pachisankho ayenera kukhala nzika?"

"Ndinatero."

"Uyu mchombo wake uli kutsidya."

Sananene mwachipongwe, ndicho chimandiwawa mpaka lero. Ananena ngati mwana amene wagwira bwino phunziro ndipo akudikira kuti ndimuyamikire. Ndinamenya bolodi ndi dasitala mpaka fumbi linabuka. Ndinaloza bokosi lija pakona. Ndinati werengani njira yachiwiri. Anawerenga. Ndinati bambo ake a mwanayu ndi a kuti? Anati a konkuno. Ndinati ndiye mwanayu ndi ndani? Anati nzika. Ndinati bwerezani. Anabwereza mpaka a sitandade 7 anasuzumira pazenera. "Mwamva?"

"Eeeya, madamu."

Analowa kuseri kwa chitenje mmodzimmodzi. Titakhuthula zitini, cha mtsikana uja chinali ndi tinjere toti nkhuku ingatole osakhuta. Iye anayang'ana tinjereto, n'kubwerera pamalo pake pafupi ndi khomo, n'kukhala pansi. Sanalire. Ndikanakonda akanalira.

Zikanathera pachisankho, bwenzi ndikuti ndi zachibwana. Koma mawu aja anatuluka m'kalasi n'kuyamba kuyenda okha. Sosho yanga ya zaka zonsezi sinafikepo ngakhale pamjigo, koma iyi inafika tsiku lomwelo. Ana amene anakula naye limodzi, amene theka la iwo ali ndi azakhali kutsidya, anayamba kumuitana kuti wakutsidya. Akatunga madzi ankati madzi a Malawi akutha. Akayankha funso langa kumbuyo kunkamveka kanong'onong'o koti akayankhe kusukulu ya kwawo. Ndinalanga ena kusesa, ena kukumba dzenje la zinyalala, ndinalalata mpaka mawu anandithera. Kunali kutunga madzi ndi dengu. Dzanja lake linasiya kukwera. Sabata yotsatira malo a pafupi ndi khomo anali opanda munthu.

Ndipo nthawi inali yoipa. Inali nyengo imene amabwera ojambula zithunzi za ana olemba mayeso a sitandade 8, ndipo mwana amene sanajambulidwe ndiye kuti chaka chimenecho mayeso amupita. Kwa mwana wamwamuna mungati abwereza. Kwa mtsikana wamtali ngati uja, kumudzi ngati kwathu, kubwereza kulibe. Ndawaona ambiri. Amasowa m'kalasi mwezi uno, mvula ikamatha mukumana naye pachigayo ali ndi pakati, chitenje choberekera mwana chili kale paphewa.

Ndinawauza ahedi. Anati tiitanitsa komiti ya makolo tikambirane. Komiti imeneyo kuti ikumane pamafunika kuti pasakhale maliro, pasakhale msika, pasakhale ganyu. Ndinawayang'ana ahedi, n'kutuluka ndisananene chimene chinali pakamwa panga, chifukwa ntchito ndinkaifunabe.

Ndinakwera phiri ndekha masana ena titaweruka, mawondo akundilirira. Ndinawapeza mayi ake atakhala pakhonde akusenda mtedza wa mbewu m'lichero. Anali mayi wochepa thupi, wa mawu otsika, Chichewa chake chopendekera pang'ono kutsidya. Anandiyalira mkeka, tinapatsana moni. Bambo anali atapita ndi makala. Ndinafunsa za mwana.

"Ali kwa amalume ake, aphunzitsi. Anabwera kudzamutenga."

"Kutsidya?"

"Kutsidya."

Anafotokoza akusendabe mtedza. Achimwene awo atamva kuti mwana akunyozedwa, anawoloka ali ndi mkwiyo. Anati mwana ndi wa kuchikazi, ife tinangobwereketsa, ngati kuno sakumufuna abwerere kumene kuli mchombo wake. Anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Bambo a mwana sanathe kuwaletsa, pakuti pamwambo mwini mbumba ndi malume. Ndipo kutsidyako kunali kale munthu wina wa golosale amene anayamba kufunsafunsa za mwanayo.

Ndinayamba Sosho yanga pakhonde pomwepo. Ndinawauza za lamulo, za kutsata makolo, kuti mwana wawo ndi Mmalawi ngati ine ndemwe, kuti palibe angamuchotse pasukulu. Anamvetsera mwaulemu, akugwedeza mutu. Nditamaliza anafunsa, "Zimenezi ana enawo munawauza?"

"Ndinawauza, mayi. Analoweza."

Anapitiriza kusenda. Kenako anati, "Mwana wanga sanandiuze bwinobwino. Amangoti akundinena. Kodi mnyamatayo ananena kuti chiyani kwenikweni?"

Ndinawauza mawu ake onse, a kuzika ndi a mchombo. Manja awo anaima m'lichero.

"Basi? Nkhani yake ndi mchombo basi?"

"Ndi zachibwana, mayi. Lamulo silifunsa za mchombo."

"Ndamva, aphunzitsi," anatero. Ndinatsika phiri ndili wokwiya, osadziwa kuti ndakwiyira ndani. Ndinkangoti mwana ameneyu wapita, ndipo chaka chamawa ndidzaimanso pabolodi lomwelo kunena za ufulu wa mwana wa kuphunzira.

Lachisanu pa buleki ndinali nditakhala pansi pa mango, nsapato nditavula, pamene ndinawaona mayi aja akulowa pabwalo la sukulu. Anali okha. Miyendo inali yotuwa ndi fumbi, ndipo m'manja ananyamula kamtolo komangidwa mu duku wakale, akukagwira ndi manja awiri. Anabwera molunjika kwa ine, n'kugwada.

"Ndabwera nawo, aphunzitsi."

"Chiyani, mayi?"

"Mchombo wa mwana. Ndakafukula."

Anamasula duku pang'ono. Munali dothi. Dothi lofiira wamba, la timizu ta udzu, lodzaza manja awiri. Patapita zaka zonsezo mukanapezamo chiyani? Anati malowo ankawadziwa anthu awiri okha, iwo ndi malemu amayi awo, patsinde pa mpapaya umene unagwa kale kuseri kwa bwinja la nyumba yawo. Anakumba mozungulira kuti asaphonye.

"Ndiye ndimati mundiuze pozika. Pamalo poti ndi pa Malawi penipeni."

Abale inu, ndinatopa nthawi yomweyo kuposa mmene ndinatopera moyo wanga wonse. Zaka zonsezi ndikukuwa kuti nzika siizikidwa ngati chinangwa, lero mayi wandibweretsera dothi pasukulu ya boma kuti ndimulozere dzenje. Ndinatsegula pakamwa. Ndinati, "Mayi, lamulo likuti…" Iwo anangondiyang'ana, akudikira kuti ndimalize, kamtolo kali m'manja. Ana anali atayamba kale kutizungulira. Mwana wasukulu sasowa pamene pali chachilendo. Ndinaona a sitandade 8 akukankhana kutsogolo, ndipo pakati pawo panali wandevu uja.

Chiganizo chija sindinachimalize. Ndinavala nsapato. Ndinamuloza mnyamatayo ndi chala. "Iwe, katswiri wa zozika. Katenge khasu kusitolo."

Anathamanga n'kubwera nalo. Ndinayang'ana bwalo lonse, n'kuona mtengo wa mbendera pamene timaima m'mawa uliwonse kuimba nyimbo ya fuko, mbendera yake yosuluka ndi dzuwa ili lende, kopanda mphepo. Ndinati, "Ngati pali pa Malawi penipeni pasukulu pano, ndi apo. Kumba."

Nthaka ya mwezi umenewo ndi mwala. Anakumba thukuta likugwera m'maso, khasu likudumpha. Palibe mwana anaseka. Ahedi anatuluka muofesi, anaima pakhonde, anayang'ana mayi wogwada, mnyamata wokumba ndi ine, n'kubwereranso mkati. Ndinawathokoza mumtima chifukwa cha zimenezo.

Ndinanong'oneza mayi aja kuti ngati akufuna ndibalalitse ana, pakuti zinthu izi sizichitika pamaso pa anthu. Mayi aliyense amadziwa chifukwa chake timabisa. Kuonetsa pamene pali mchombo wa mwana wako ndi kumusiya mwanayo pamtetete, aliyense womufunira zoipa adziwe pokagwira. Iwo anapukusa mutu.

"Asiyeni aone. Chobisika chija ndiye chandivutitsira mwana."

Anakhuthulira dothi lija m'dzenje, anakung'untha duku kuti pasatsale kanthu, n'kukwirira ndi manja. Ataimirira anapondaponda ndi chidendene mpaka panalimba. Kenako anatembenukira kwa mnyamata uja, amene anali ataima ndi khasu osadziwa kolisiya.

"Waona, mwanangu?"

"Ndaona, mayi."

"Uli kuti tsopano mchombo wa mnzakoyu?"

"Uli pano, mayi."

"Chabwino. Ukawauze ndi amene sanabwere lero."

Belu linalira, ana analowa m'makalasi mwakachetechete ngati akuchokera kumanda. Ine ndinawaperekeza mayi aja mpaka pamphambano. Ndinafunsa ngati amalume a mwana avomera kumubweza.

"Mwana abwera Lamlungu. Amukana."

"Amukana bwanji?"

Anafotokoza mopanda kukweza mawu, maso ali kunjira. Achimwene awo anawapeza akukumba pabwinja paja. Anawafunsa chimene akuchita, iwo ananena. Achimwenewo anati, wafukula mwanayu pakati pathu, ndiye kuti wadzifukula ndi iwe wemwe. Tenga mwana wako, si wathunso. Ndipo tsiku limene a kuchimunawo adzakutopere, usadzawoloke ndi mitolo yako kubwera pano, pakuti pano ulibe pako.

"Ananena ndi mkwiyo," ndinatero. "Mtima ukatsika adzasintha."

"Simuwadziwa achimwene anga, aphunzitsi." Anamanga duku uja kumutu, wadothi momwemo. "Komanso kuno apongozi anga amandikumbutsa kawirikawiri kuti mlendo ndi mame. Palibe kanthu. Mwana ajambulidwe, alembe." Anandithokoza, n'kukwera phiri.

Lolemba m'mawa mtsikana uja anali pamzere wa asembule, yunifolomu yochapa, maso pansi. Tinaimba nyimbo ya fuko titayang'ana mbendera, ndipo ndinaona ana ambiri akuyang'ana patsinde pake, pamene dothi linali la mtundu wina. M'kalasi anzake anasendera kumupatsa malo ake a pafupi ndi khomo. Wina anamubwereka cholembera. Wandevu uja anamupatsa kope lake kuti akopere zimene zinamupita, ngakhale kuti zolemba za mnyamata ameneyo ngakhale mwini wake sankaziwerenga. Mawu akuti wakutsidya sindinawamvenso, ngakhale kamodzi. Ndinasangalala, inde. Koma zinandiwawanso. Ndinakuwa mpaka mawu kutha, ndinamenya bolodi, ndinalanga ana, osaphula kanthu. Khasu linamaliza nkhaniyo pa buleki imodzi.

Ndinene msanga kuti mtima wanu ukhale pansi: mtsikana uja anajambulidwa, mayeso analemba, anasankhidwa kupita kusekondale. Zimenezo zinatheka.

Koma tsiku lomwe anabweralo, titaweruka, inali nthawi yake yofufuta bolodi. Anzake anatuluka, ine ndinatsala ndikusonkhanitsa makope. Anafufuta masamu, anafufuta Chingelezi, n'kufika pakona paja pa bokosi langa la musafufute. Anaima pamenepo, dasitala ili m'manja, akuwerenga njira zija ngati akuziona koyamba.

"Madamu."

"Ee, mwanangu."

"Yanga ndi iyi, ya makolo. Nanga amayi, yawo ndi iti?"

Ndinayandikira n'kuloza yachitatu. "Iyi. Anakwatiwa ndi nzika. Akhoza kukalembetsa."

Anayang'ana mawuwo kanthawi. Kenako anafunsa, osanditembenukira, "Nanga bambo akadzagundidwa ndi thiraki?"

Mwanayu ankadziwa chimene ankafunsa, ndipo ankadziwa kuti inenso ndikuchidziwa. Mkazi wa chitengwa mwamuna wake akamwalira, maliro akatha, a kuchimuna amamusudzula, amamuperekeza kwawo ndi mitolo yake. Amayi ake kwawo anali atakugulitsa ndi dothi lija Lachisanu lapitalo, kuti iye akhale pafupi ndi khomo la kalasi yanga. M'mutu mwanga munalibe china koma buku.

Ndinati, "Lamulo silithamangitsa munthu chifukwa mwamuna wake wamwalira. Akalembetsa, ndi nzika mpaka kalekale. Palibe angawachotse. Wamva?"

Mwana ameneyu chiyambire sanandiyankhepo ndi gulu. Ankati akamva amafunsa funso lina, akapanda kumva amanena kuti sanamve. Tsiku limenelo ananditembenukira, nkhope ili bwinobwino, yaulemu, n'kukoka kamawu kaja ndendende ngati anzake onse.

"Eeeya, madamu."

Anakwezanso dasitala, n'kuloza bokosi lija. "Ndifufute?"

"Fufuta," ndinatero, n'kunyamula makope anga.